Dambo lathu likuuma chaka ndi chaka, kodi lingadzukenso?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndangoudula pang'ono:

"Zikomo bambo. Ine ndimakhala kumunsi kuno mbali yopita ku nyanja ya Chilwa ndipo ndine mlembi wa komiti ya zachilengedwe mmudzi mwathu. Tili ndi dambo lomwe ife tikukula linkakhala ndi madzi chaka chonse, pa kasupe tinkatunga olo mu Okutobala, bango lopangira mphasa tinkadula momwemo. Pano ikamafika Ogasiti kasupe amakhala waphwa kale, pakati pa dambo pang'ambika chigwembe chomwe chikungokula, anthu alima madimba mpaka mkati mwenimweni ndipo anyamata akuumba njerwa mmbali. Anzathu akumunsi olima mpunga akuti ife ndi amene tikuwathera madzi, chaka chatha kunatsala pang'ono kuvuta. Mukomiti ena akuti tidzale bulugamu dambo lonse, ena akuti tithamangitse onse olima, ena akuti tikumbe damu. Ine mutu waima. Kodi dambo likafa limadzukanso?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo mtima ukhale mmalo. Dambo limadzuka. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito ya madzi ndi nthaka ndaonapo malo omwe anthu anali atawataya kale mtima akubwereranso kukhala ndi chinyontho, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozeramu, kasupe wanu akutulukabe madzi miyezi ina, nde lanulo silinafe ayi, ladwala chabe. Koma ndikuuzeniretu kuti njira zitatu zomwe anzanu akukambazo, palibe yomwe ndingayambe nayo, ndipo imodzi mwa izo ikhoza kulimaliziratu dambolo.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti dambo limagwira bwanji ntchito, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti likuuma kamba koti mvula inachepa basi. Zoona mvula yasintha, imabwera mochedwa, ikabwera imagwa yambiri nthawi imodzi kenako ng'amba, sindikukana. Koma dambo lili ngati thonje loviika mmadzi. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amalowa pansi, amayenda pang'onopang'ono mkati mwa dothi mpaka kukafika pa dambo, pamenepo udzu, mlulu, bango ndi mizu yake yolukanalukana ija zimawagwira, nde amatuluka pang'onopang'ono chilimwe chonse. Madzi omwe munkatunga mu Okutobala aja anali mvula ya mu Januwale yomwe inachedwa panjira. Vuto lanu lalikulu ndi loti pano madziwo sakuchedwanso. Akugwa lero, mawa ali kale ku nyanja.

Nde chigwembe mwatchulacho ndi chomwe chandidetsa nkhawa kuposa zonse za mu kalata yanu. Chigwembe pakati pa dambo chimakhala ngati munthu waboola ndowa pansi. Madzi a mdothi amatsika kulondola pomwe pazama, ngati chigwembecho chazama mita imodzi, madzi a mmbali mwake amatsikanso mpaka cha pamenepo, udzu wa mdambo umauma chifukwa mizu yake sikuwafikiranso madzi, dothi lakuda lija limang'aluka, mvula yotsatira ikabwera imakokolola mosavuta ndipo chigwembe chimazamanso. Chimadzidyetsa chokha. Komanso mukapita kukachiona bwino mupeza kuti chili ndi mutu, pamalo pomwe madzi amagwera ngati kamathithi, ndipo mutu umenewo umayenda chobwerera kulowera kumtunda chaka chilichonse. Tsiku lomwe udzafike pa kasupe wanu ndi tsiku lomwe kasupeyo adzatheretu. Pitani mawa mukakhome chikhomo pomwe pali mutuwo kuti muziona mmene ukuyendera.

Zigwembe zambiri zomwe ndaziona mmadambo zinayamba ndi zinthu zazing'ono kwambiri, kanjira ka ng'ombe kopita kukamwa madzi, ngalande yomwe munthu anakumba kuti dimba lake lisadikhe madzi, pena ngalande ya msewu yomwe inalozetsedwa mdambo, pena maenje a njerwa omwe analumikizana. Funsani akuluakulu a mmudzimo, akuuzani pomwe chinayambira.

Tsopano za bulugamu. Chonde musadzale. Ndikunena izi mobwereza chifukwa maganizo oti kubwezeretsa chilengedwe ndi kudzala mitengo paliponse anatilowa kwambiri, ndipo anthu amachita ndi mtima wabwino ndithu. Koma dambo mwachilengedwe chake ndi malo a udzu osati nkhalango. Bulugamu amakula msanga, masamba ake sayoyoka chilimwe, mizu yake imafika pomwe pali madzi ndipo amamwa chaka chonse, moti mmaiko ena amamudzala dala akafuna kuumitsa malo a lowe. Inu mukufuna kusunga madzi, iye ntchito yake ndi kuwachotsa. Ngati alipo kale pafupi ndi kasupe ndi bwino kukambirana ndi eni ake kuti adulidwe, ndipo dziwani kuti chitsa chake chimaphukanso nde pamafunika kumathothola mphukirazo mpaka chitatopa. Bulugamu ali ndi malo ake, kumtunda kouma kutali ndi madzi, kumeneko apereke milimo ndi nkhuni, palibe vuto. Mitengo yomwe ndimalimbikitsa mmphepete mwa dambo ndi mmbali mwa mtsinje ndi yathu yomwe ija, nyowe, mkuyu, mbawa, komanso nsungwi pomwe gombe likugumuka. Mkati mwenimweni musiyemo udzu.

Ntchito yeniyeni imayambira kumtunda, kuminda ndi kuphiri, osati mdambomo. Apa ndi pomwe makomiti ambiri amagwa ulesi chifukwa aliyense amafuna kukagwira pomwe pakuoneka bala. Koma mukatseka chigwembe madzi akubwerabe ndi liwiro lomwe lija kuchokera mminda, mvula imodzi yokha yamphamvu idzachotsa zonse. Ineyo zinandichitikirapo ndili wachinyamata pantchito, tinamanga khoma la simenti lalitali bwino pakati pa chigwembe, anthu anatuta miyala ndi mchenga masabata angapo, mvula ya mu Januwale itabwera madzi anangolizungulira khomalo nkung'amba njira ina mmbali, chigwembe chinakhala ziwiri. Zinandiwawa kwambiri chifukwa anthu aja anatikhulupirira, ndipo kuyambira pamenepo sindilola kuti tiyambe pansi kumtunda tisanakonze.

Nde kumtundako muone izi. Mizere ya mminda ikhale yopingasa potsata akalozera, osati yotsetsereka kulunjika kudambo. Alangizi a zaulimi a mdera lanu amadziwa kuyeza akalozera, sizifuna ndalama, ndi timitengo, chingwe ndi kachipangizo koyezera basi. Pa akalozerapo mudzale vetiva mothithikana, kusiya mpata ngati chikhatho chimodzi pakati pa mapando, mvula ikakhazikika mu Disembala kapena Januwale. Mmizere muikemo timigula totseka kuti madzi aziima nkulowa pansi. Pomwe patsetsereka kwambiri mukumbe maswale, ngalande zopingasa zogwira madzi kuti alowe pansi. Mapesi asamatenthedwe. Ndipo paphiri kapena malo osalimidwa omwe anadulidwa mitengo, musathamangire kugula mbande, yang'anani zitsa zomwe zilipo kale, zambiri zili moyo, mukazitetezera ku moto ndi mbuzi nkumazipatulira mphukira zimakula msanga kuposa mbande ya mchubu chifukwa mizu yake ndi yakale.

Moto ndiutchule pawokha. Kutentha dambo mu Seputembala ndi Okutobala posaka mbewa kapena pofuna msipu wanthete kumasiya dothi lili pambalambanda nthawi yomwe mvula yoyamba ikubwera. Mukangokwanitsa kuletsa moto zaka ziwiri zotsatizana mudzadabwa mmene udzu ubwererere wokha osadzala kanthu.

Mukatero nde mubwere pa chigwembe. Yambani ndi mutu uja, mugumule gombe lake kuti likhale lotsetsereka mmalo moima chilili, muyalepo miyala mothinana, mmbali mudzale vetiva kapena nsenjere. Kenako mkati mwa chigwembe mumange timadamu tating'onoting'ono ta miyala yosamata, kapena ta zikhomo zolukidwa ndi nthambi ngati miyala ili kutali. Tikhale tatifupi, kufika mmaondo basi, ndipo tikhale tambiri kusiyana ndi kumanga chimodzi chachikulu. Pali zinthu zitatu zomwe anthu amalakwitsa nthawi zonse, nde mumvetsetse. Pakati pa kadamuko pakhale potsika kuposa mmbali kuti madzi azidutsa pakatipo, mapeto ake alowe mkati mwa gombe mbali zonse kuti madzi asazungulire, ndipo kumunsi kwake muyale miyala pomwe madzi azigwera kuti asakumbe nkukagwetsa. Kutalikirana kwake, pamwamba pa kadamu kakumunsi pazilingana ndi patsinde pa kakumtunda, ngati masitepe. Cholinga sikusunga dziwe ayi, cholinga ndi kuchedwetsa madzi kuti asiye dothi lomwe anyamula. Dothi likadzaza kuseri kwake mudzalepo bango ndi udzu, chaka chotsatira muonjezere mzere wina wa miyala, pansi pa chigwembe pazikwera pang'onopang'ono ndipo madzi a mdothi azikwera nawo. Ntchito imeneyi ndi ya chilimwe, isafike Novembala musanamalize, ndipo mvula yamphamvu ikagwa muzipita kukaona nkukonza pomwe paphwasuka.

Za kuthamangitsa olima madimba, apa ndikupemphani mudekhe. Amene akulima mdambomo si adani, ndi anthu omwe chimanga chakumunda chimawathera mu Seputembala ndipo dimba ndi lomwe limawapulumutsa, ndi lomwe limalipira fizi ndi kugula sopo. Mukawathamangitsa lero adzabwerera usiku, timadamu tanu tidzapezeka taphwasulidwa, ndipo mudzi udzagawikana. Chomwe ndaona kuti chimagwira ndi kuligawa dambolo. Mtima wake, kutanthauza pa kasupe, mzere womwe madzi amadutsa ndi mmbali mwa chigwembe, pakhale posakhudza, khasu lisafikepo, ng'ombe zisapondepo, moto usafike. Pa kamtsinje kakang'ono ine ndimalangiza kusiya mamita 10 mpaka 15 mbali iliyonse, pa mtsinje waukulu kuposa apo. Mmphepete anthu alime ndithu koma mwa malamulo omwe agwirizana okha, osakumba ngalande zotaya madzi, mabedi akhale opingasa, aziphimbira ndi udzu, azithira manyowa, zitsime zikhale zochepa zogawana mmalo moti aliyense akumbe chake, ndipo mabotolo a mankhwala opopera tomato asamatsukidwire mmadzimo. Amene dimba lake lagwera mu mtima muja ndiye wofunika kumuganizira kwambiri, amfumu amupezere pena, apo ayi iyeyo akhale woyamba kupindula ndi bango, udzu wofolera kapena ming'oma ya njuchi yomwe mungaike mmitengo ya mmbali. Oumba njerwa nawo apatsidwe malo kumtunda ndipo maenje akale akwiriridwe.

Zonsezi komiti payokha singathe. Pafunika amfumu, agulupu, komiti ya chitukuko ya mdera, ndipo malamulowo alembedwe, awerengedwe pa msonkhano anthu onse akumva, chindapusa chake chidziwike, ndipo chigwire aliyense olo akhale mbale wa amfumu. Ndondomeko ya dziko lino ya za malo ya 2002 imaona madambo ngati malo a anthu onse a mderalo osati a munthu mmodzi, mfundo imeneyi ikuthandizani pokambirana.

Damu sindikuikana kotheratu koma isakhale poyambira. Damu yokumbidwa kumtunda kusanakonzedwe imadzaza ndi dothi mzaka zochepa, ndipo yomangidwa popanda woidziwa, yopanda potulukira madzi osefukira, ikaphulika imapha anthu kumunsi. Tonse tinaona mphamvu ya madzi nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ku Phalombe, Mulanje, Blantyre ndi madera ena. Madzi oima amabweretsanso likodzo ndi udzudzu, komanso ana amamira. Ndiponso lamulo la za madzi la 2013 limafuna kuti womanga damu kapena wopatutsa madzi ambiri a mumtsinje akhale ndi chilolezo chochokera ku bungwe la boma loona za madzi la National Water Resources Authority. Nde ngati mudzaifunebe patsogolo, mudzadzere ku ofesi ya za madzi ndi ya ulimi wothirira kwa DC kuti akatswiri adzayeze malowo.

Tsopano anzanu akumunsi aja. Mwina simukondwa nazo koma akunena zoona pang'ono, ngakhale chifukwa chake sichomwe akuganizacho. Madzi omwe mumathirira ndi makeni si ambiri kwenikweni, pokhapokha ngati kwabwera mapampu a injini ambiri. Chomwe chawathera madzi ndi chomwe chaumitsa kasupe wanu, dambo lasiya kusunga. Dzinja amalandira chigumula ndi mchenga wokwirira ngalande zawo, chilimwe salandira kanthu. Mukaliona chonchi, inu ndi iwo vuto lanu ndi limodzi, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanawaitana atsogoleri awo kuti abwere adzaone chigwembecho ndi maso awo. Ndaonapo alimi a kumunsi akubwera kudzathandiza kututa miyala kumtunda atamvetsa kuti madzi awo amabadwira kumeneko. Pa msonkhano womwewo mugwirizane za miyezi yovuta ija, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, masiku oti akumtunda athirire ndi masiku oti madzi adutse, komanso kuti pasapezeke wotseka mtsinje wonse ndi matumba a mchenga. Mumtsinje muzitsala madzi oyenda nthawi zonse.

Mfundo yosiya madzi mumtsinjeyi ndi yaikulu kuposa mudzi wanu ndi wa anzanuwo, ndipo poti muli mchigwa cha Chilwa ndiyenera kuikamba. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, imangodalira zomwe yalandira kuchokera ku mitsinje ngati Likangala, Thondwe, Domasi, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, kuphatikizapo Mnembo wochokera ku Mozambique, kenako dzuwa limamwa. Nchifukwa chake imaphwa, inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka mabwato ali gwaa pamtunda ku Kachulu. Kuphwa ndi kudzaza ndi chikhalidwe chake kuyambira kale, koma chomwe chimapangitsa kuti matemba, makumba ndi milamba zibwererenso nyanja ikadzaza ndi choti nsombazi zimabisala mmaiwe a mmitsinje ndi mmadambo momwe mwatsala madzi. Mitsinje ikamaumiratu chifukwa madambo akumtunda anafa, kapena anthu akamathira katupe mmaiwe otsalawo, mbewu ya nsomba imathera pomwepo. Dothi lomwe likuchoka mchigwembe chanu nalo likupita komweko kukakwirira nyanja yomwe ndi yosaya kale. Chilwa anaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar, malo oyamba mMalawi muno, Elephant Marsh ya ku Chikwawa ndi Nsanje inatsatira mu 2017. Koma dzina lokhalo silisunga madzi, amene amasunga ndi timadambo ngati lanulo, tambirimbiri, tomwe sitili pa mapu aliwonse. Msodzi wa pa chilumba cha Chisi sakudziwani koma akudalira zomwe komiti yanu ichite.

Musayembekezere zotsatira msanga, ndipo anthu muwauziretu zimenezi kuti asadzakutembenukireni. Chaka choyamba chomwe muone ndi dothi litaunjikana kuseri kwa timadamu ndi madzi osadetsedwa kwambiri. Chaka chachiwiri ndi chachitatu udzu ndi bango zimayamba kubwerera. Kasupe amachedwa, pena zaka zisanu kapena kuposa, ndipo chaka cha ng'amba chikalowapo pakati akhoza kuphwabe olo mutachita zonse bwino. Poti ndinu mlembi, gulani kope limodzi. Sankhani chitsime chimodzi mmbali mwa dambo, tsiku loyamba la mwezi uliwonse muziyeza ndi ndodo kuti madzi ali pati kuchokera pamwamba, muzilembanso tsiku lomwe kasupe waphwa chaka chilichonse ndi pomwe mutu wa chigwembe wafika. Jambulani zithunzi pa foni mutaima malo amodzimodzi. Anthu akadzayamba kunena kuti tikungovutika chabe, kope limenelo ndi lomwe lidzayankhe, komanso mabungwe ndi akhonsolo amamvera msanga gulu lomwe lili ndi zolemba.

Pali pena pomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Ngati chigwembe chazama kuposa msinkhu wa munthu, kapena chayandikira nyumba, msewu, sukulu kapena manda, musalowemo ndi makasu, magombe otero amagumukira anthu, itanani alangizi a zosamalira nthaka kudzera ku ofesi ya zaulimi ya mdera lanu chifukwa pangafunike miyala yomangidwa mmawaya ndi kuyeza kwa akatswiri. Ngati madzi omwe akukumba chigwembecho akuchokera mu ngalande ya msewu, nkhaniyo ipite ku khonsolo. Ngati mkangano ndi akumunsi wadutsa malire a mfumu yaikulu imodzi, kapena wina wayamba kuopseza mnzake, pitani nayo kwa DC zisanafike poipa. Ngati wina wabwera ndi mapepala kuti anagula dambolo, musakangane naye kumunda, kafunseni ku ofesi ya za malo. Ndipo mukaona nsomba zikufa, madzi asintha mtundu kapena fungo, kapena anthu ayamba kutsegula mmimba, siyani kumwa madziwo nthawi yomweyo ndipo mudziwitse azaumoyo, dera la Chilwa kolera amavuta kawirikawiri. Madzi a pa kasupe olo akuoneka oyera muzithira klorini kapena kuwiritsa, makamaka dzinja.

Pa msonkhano wanu wotsatira musapite ndi mfundo khumi, pitani ndi ziwiri, kuletsa moto mdambo chaka chino ndi kuyenda limodzi mudzi wonse kuchokera pamwamba pa phiri mpaka pomwe dambo lathera kuti aliyense aone pomwe madzi akuthamangira. Mukabwerako mundilemberenso, mundiuze kuzama ndi kutalika kwa chigwembecho, mtunda womwe watsala kuti mutu wake ufike pa kasupe, komanso ngati miyala ikupezeka pafupi, kuti tione limodzi kuti timadamu tingati tingafunike mvula isanayambe.